Nyumba Ikakhala pa Chikole: Kugulitsa Msanga N'kuthawa Kapena N'kupulumutsa Banja?

Kawirikawiri m'nyuzipepa za dziko lino mumatuluka chidziwitso cha nyumba zimene zikugulitsidwa chifukwa cha ngongole. Amalemba nambala ya puloti, dera, kuchuluka kwa zipinda, ngati pali mpanda wa njerwa, kenako tsiku lomaliza kulandira makalata a ofuna kugula. Ambiri amawerenga tsamba limeneli ngati mndandanda wa mwayi. Komatu kuseri kwa nambala iliyonse kuli banja limene latha miyezi lisakugona bwino, ndipo mabanja ena otere amabwera ku Misa atavala bwinobwino, n'kuimba nawo, n'kubwerera kwawo osauza munthu.

Funso limene banja lotere limakumana nalo si la ndalama zokha. Munthu amene walephera kubweza ngongole imene anaikira nyumba yake ngati chikole, kodi udindo wake ndi kuigwiritsa nyumbayo mpaka tsiku lomwe adzamutulutsemo, kapena kuigulitsa yekha nthawi ikadalipo? Ambiri amaona ngati njira yoyambayo ndiyo ya munthu wolimba mtima, ndipo yachiwiriyo ndi ya wamantha. Nkhani ikaunikidwa bwino, nthawi zambiri zimapezeka kuti ndi mosemphanitsa.

Choyamba n'chakuti si onse ofika pamenepa amene anadya ndalama mosasamala. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu February 2024 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti. Popeza ngongole zambiri za kubanki zimakhala ndi chiwongoladzanja chomwe chimakwera ndi kutsika potsata mlingo umenewu, munthu amene anasaina mapepala zinthu zili bwinoko anangoona ndalama yodulidwa pamwezi ikukula, malipiro ake ali pomwepo, thumba la chimanga ndi fizi zikuthamanga. Ena nyumba sanaigule ndi ngongole n'komwe: anaimanga okha pang'onopang'ono, njerwa chaka chino, malata chaka chamawa, kenako n'kuiika pa chikole kuti apeze mpamba wa bizinesi. Enanso, ndipo awa ndi omvetsa chisoni kwambiri, anapereka chikalata cha umwini wa nyumba yawo kuti mlamu kapena mng'ono wawo atengere ngongole. Ndalamayo sanaione, koma kalata yochenjeza yafika pakhomo pawo.

Ngakhale zili choncho, ngongole ndi lonjezo. Ndalama imene banki inabwereketsa si yotola. Ndi ya mphunzitsi, namwino ndi mayi wogulitsa tomato amene anasungitsa zawo kumeneko. Choncho kulingalira koongoka sikungayambe ndi kunena kuti wobwereketsa ndi mbala chifukwa chakuti akufuna zake. Koma kuyambira kalekale anthu anazindikira kuti zikole sizifanana. Malamulo a m'buku la Deuteronomo, mutu 24, analetsa kutenga mphero ngati chikole, poti imeneyo ndiyo inkadyetsa banja tsiku ndi tsiku. Analamulanso kuti chofunda cha mmphawi chibwezedwe dzuwa lisanalowe, ndi kuti wobwereketsa asalowe m'nyumba kukatenga yekha chikole, koma adikire panja. Malamulowo sanafafanize ngongole. Anangoika malire pa katengedwe kake, kuti munthu asatsale wopanda pogona ndi wopanda ulemu. Nyumba ili m'gulu la zikole zotere, ndipo n'chifukwa chake ngakhale malamulo a boma salola kuti ilandidwe tsiku limodzi.

Pa malo ndi nyumba zolembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, gawo 68 limati wobwereka akatha mwezi wathunthu osalipira, wobwereketsa angathe kumulembera kalata yomuuza kuti alipire. Pakatha miyezi itatu kuchokera pamene kalatayo yaperekedwa, iye osachitapo kanthu, wobwereketsa amakhala ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo kapena kusankha munthu wotolera lendi yake. Gawo 71 limafuna kuti pogulitsapo achite mokhulupirika ndi moganizira mwini nyumba. Koma gawo lomwelo lili ndi mfundo imene ambiri amaimva mochedwa: nyumba ikagulitsidwa n'kulembetsedwa m'dzina la wogula, munthu amene akuona kuti sizinayende bwino angathe kudandaula kuti alipidwe chipukutamisozi, koma osati kuti nyumbayo ibwerere.

Ndiye kuti chuma chenicheni chimene banja lili nacho kalata ikafika ndi nthawi. Tsono nthawiyo si yaulere. Mwachitsanzo chabe, ngongole yotsala ikhale K30 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 28 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chokha ndi K8.4 miliyoni pachaka, kutanthauza K700,000 mwezi uliwonse. Miyezi itatu ya chenjezo ikangodutsa mwakachetechete, K2.1 miliyoni yaonjezereka, tisanawerengere zilango za kuchedwa, ndalama za maloya ndi za ogulitsa pa okushoni, zomwe zonse zimadzachotsedwa pa mtengo wa nyumba yomweyo. Bambo amene wakhala chete chaka chathunthu, akuti akuteteza nyumba ya ana ake, amakhala akuidya chipinda ndi chipinda osadziwa. Makoma alipo ndithu, utoto uli bwino, koma gawo la nyumbayo lomwe ndi lake likunka licheperachepera.

Chimene chimamutseka pakamwa ndi manyazi. Nyumba ya m'tauni si pogona chabe. Ndi umboni wakuti munthu sanapite kutauni kukasewera, ndi pamene abale ochokera kumudzi amafikira akabwera kuchipatala, ndi pamene iye amaganiza kuti anthu adzasonkhana pa maliro ake. Kuigulitsa kumamveka ngati kulengeza kwa mudzi wonse kuti zaka makumi awiri zapita pachabe. Ndiye kalata ya kubanki imabisidwa m'galimoto kapena m'dirowa ya kuofesi, foni ya nambala yachilendo siyankhidwa, ndipo kunyumba nkhani ndi yakuti zonse zili bwino. Akuluakulu ankati mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Apa ndi pamene pali cholakwa chachikulu koposa pa nkhani yonseyi, kuposa kulephera kulipira kumene. Kulephera kulipira kungakhale tsoka. Kubisira mkazi kapena mwamuna wako ndi chosankha. Alipo amayi amene amamva kuti nyumba yawo ikugulitsidwa kuchokera kwa mnansi amene waona m'nyuzipepa, kapena ataona anthu achilendo akuzungulira mpanda ndi kujambula zithunzi. Mayi ameneyo mwina ndiye ankatunga madzi a omanga, ndiye anadula ndiwo kuti simenti igulidwe. Dzina lake lingakhale palibe pa chikalata, koma thukuta lake lili m'makoma. Kumubisira ndi kumulanda miyezi imene akanatha kuganiza nawo, kufunsa kwa abale ake, kapena kukonzekera mtima. Wobisayo amati akumuteteza ku nkhawa, pamene kwenikweni akudziteteza yekha ku mafunso.

Pamene banja lakhala pansi n'kuona mapepala limodzi, njira zimapezeka kuti zilipo zingapo kugulitsa kusanafike. Yoyamba ndi kupita kubanki msanga, asanaitanidwe, ndi kukapempha kuti ngongole ikonzedwenso: zaka zobwezera zitalikitsidwe kuti ya pamwezi ichepe, kapena zotsalira ziphatikizidwe ku ngongole yaikulu. Banki si yokakamizidwa kuvomera, koma nayonso kugulitsa nyumba imakuona ngati ntchito yotopetsa ndi yodya nthawi, ndipo imamvetsera bwino munthu wobwera ndi ndondomeko yolembedwa kusiyana ndi amene wathawa mafoni miyezi isanu. Chilichonse chogwirizana chilembedwe. Mawu okoma a munthu wa pa kauntala sadzawerengedwa pa tsiku la mlandu. Banja lina limasamukira ku kanyumba ka kuseri kapena ku dera la lendi yotsika, nyumba yaikulu n'kuikamo alendi kuti lendiyo izipita kubanki. Lina limagulitsa galimoto kapena puloti ya kwina. N'zodabwitsa kuti pali anthu amene amalola nyumba kupita koma galimoto ili pakhonde, chifukwa galimoto ikachoka anthu aona lero lomwe, pamene nyumba imapita mwakachetechete.

Amayi amasiye ndi ana amasiye ali ndi funso lawolawo loyenera kufunsa asanachite china chilichonse. Ngongole zambiri za nyumba zimatengedwa pamodzi ndi inshuwalansi ya moyo wa wobwerekayo, yomwe cholinga chake ndi kulipira yotsala iye akamwalira. Asanayambe kugulitsa katundu ndi kulira, apemphe banki iwaonetse ngati inshuwalansi yotereyo inalipo ndiponso ngati inkalipiridwa. Amene alibe ndalama ya loya angathe kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau.

Pali njira ziwiri zimene zimaoneka ngati chipulumutso koma kawirikawiri zimangokulitsa dzenje. Ina ndi katapila. Kubwereka kwa munthu wofuna chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi kuti utseke pakamwa banki kwa masabata angapo kuli ngati kuzimitsa moto wa padenga ndi palafini. Inayo ndi chiletso cha khoti. Pamene banki yaphwanyadi lamulo, mwachitsanzo sinapereke kalata yochenjeza kapena yawerengera ngongole molakwika, kupita kukhoti ndi ufulu wa munthu ndipo palibe chomudzudzulira. Koma pamene ngongoleyo ndi yoona ndipo chiletso chikufunidwa pongofuna kukankha masiku, chiwongoladzanja sichiima chifukwa mlandu uli kukhoti, ndipo loya naye amafuna zake. Munthu woteroyo amagula miyezi ingapo ya kukhala m'nyumba ndi ndalama imene ikanakhala poyambira pa ana ake.

Tsono pamafika nthawi imene masamu amakana. Ntchito inatha ndipo ina sikuoneka, bizinesi inagwa, lendi ya nyumbayo singakwane ngakhale chiwongoladzanja chokha. Apa ena amakumbukira Naboti, amene anakana kugulitsa munda wamphesa wa makolo ake kwa mfumu Ahabu, n'kumati nawonso sangagulitse cholowa. Kufanizirako sikugwira. Naboti analibe ngongole ndi munthu. Ankakana dyera la wamphamvu. Amene nyumba yake ili pa chikole sakusankha pakati pa kugulitsa ndi kusunga. Akusankha pakati pa kugulitsa yekha ndi kugulitsiridwa.

Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu. Akatswiri owerengera mtengo wa nyumba amalemba mitengo iwiri: wa pamsika, pamene wogulitsa ali ndi nthawi yodikira wogula woyenera, ndi wa kugulitsa mokakamizidwa, umene umakhala wotsika. Banki ikagulitsa, ndalama imayamba yalipira zotsalira za boma ndi khonsolo pa malowo, zolipira pa kugulitsako, ndi ngongole yonse. Chotsala ndicho chimapita kwa mwini nyumba. Ndalamayo ikapanda kukwana, ngongole yotsalayo imamutsatabe munthu ngakhale nyumba yapita. Pamene mwini wake wagulitsa yekha, banki ikudziwa ndi kuvomereza, amakhala ndi mpata wotsatsa, wokana mtengo wachipongwe, ndi wotsala ndi kanthu kogulira puloti yaing'ono kunja kwa mzinda kapena kolipirira lendi ndi fizi chaka chimodzi. Bambo kapena mayi amene wachita zimenezi sanathawe udindo. Wabweza za eni ake, ndipo wapulumutsa zimene zikanatha kupulumuka. Udindo wa kholo uli pa anthu okhala m'nyumbamo. Makoma anamangidwa chifukwa cha iwo.

Izi sizikutanthauza kuti kugulitsa msanga kulibe zoopsa zake. Mbiri ikangomveka kuti uje wapanikizika, madobadoba amatulukira ngati ntchentche. Amabwera ndi mawu amodzimodzi: ndalama ilipo lero lomwe, saina pano, zamapepala tidzakonza. Nyumba ya K60 miliyoni amaitchula K35 miliyoni, podziwa kuti wogulitsayo akuwerenga masiku. Ena amapereka kachigawo kochepa, n'kulowa m'nyumba, yotsalayo osaoneka, ngongole ya kubanki ikukulabe m'dzina la mwini wakale. Ena amabwera ngati obwereketsa, koma pepala limene akusainitsa ndi la kugulitsa. Changu choyenera ndi cha kuyamba msanga, kalata yoyamba itangofika, kuti pakhale masabata okwanira kupeza katswiri wowerengera mtengo, kufunsa banki chiwerengero chenicheni cha ngongole pa pepala, ndi kudutsitsa malonda onse mwa loya amene adzalipira banki mwachindunji n'kutenga kalata yotsimikiza kuti chikole chamasulidwa. Changu cha kusaina usiku pa bonati ya galimoto ndi cha munthu amene anachedwa.

Koma nkhaniyi ili ndi munthu wina amene sakonda kutchulidwa, ndiye wogula. Iyeyu si nthawi zonse amakhala mlendo wochokera kutali. Nthawi zina ndi wa mumphakati womwewo, amene wamva za vutolo pa mapemphero a Lachitatu, pamene mayi wa m'nyumbamo anapempha kuti amupempherere. Kodi iye akalakwa kugula nyumbayo motchipa? Adzayankha kuti sanakakamize munthu, kuti mtengo anagwirizana, ndi kuti akanapanda kugula iye akanagula wina pa mtengo wotsika koposa.

Yankho limeneli lili ndi zoona zake, ndipo siliyenera kukanidwa lonse. Kugula nyumba ya munthu wopanikizika si tchimo. Ndipotu anthu a chikumbumtima akamazemba malonda otere poopa kunenedwa, banjalo limatsala m'manja mwa madobadoba okhaokha. Ngakhalenso kutsitsako mtengo kuli ndi chifukwa chomveka: amene wasonkhanitsa ndalama zambiri m'masabata ochepa, mwina naye pobwereka, wachita chinthu chimene wogula wa pang'onopang'ono sakanachita, ndipo n'koyenera kuti chioneke pa mtengo. Thomas Aquinas Woyera, polemba za kugula ndi kugulitsa m'zaka za m'ma 1200, anavomereza kuti mtengo wolungama si nambala imodzi yokhomedwa ndi msomali, koma chinthu choyerekeza, chimene chingakwere kapena kutsika pang'ono chilungamo osaonongeka. Koma anaphunzitsanso kuti malonda anakhazikitsidwa kuti apindulire mbali zonse ziwiri, ndi kuti kugula chinthu pa mtengo wochepera kufunika kwake n'kosalungama monga momwe kulili kugulitsa modula mopitirira. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2409, amaika kupezerapo mwayi pa umbuli kapena mavuto a munthu wina pokonza mitengo m'gulu la zinthu zotsutsana ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri, lija loletsa kuba.

Choncho funso kwa wogula si lakuti kodi wogulitsa wavomera. Munthu amene madzi afika m'khosi amavomera chilichonse. Funso ndi lakuti, kutsika kwa mtengoku kukulipira chiyani? Ngati kukulipira changu ndi chiopsezo chimene wogula wasenza, palibe mlandu. Ngati kukuyezedwa ndi kukula kwa mantha a wogulitsa, kotero kuti mtengo ukutsika tsiku la okushoni likamayandikira pamene nyumba ndi yomweyo, ndiye kuti chimene wogula akupindula nacho si luso la malonda koma tsoka la mnzake. Njira yosavuta yodziyesera ilipo: kodi angalole kuti katswiri wosakondera awerengere nyumbayo, ndipo pepala lake alione onse awiri? Kodi mtengo umene watchulawo angaunene mokweza pamaso pa mphakati wonse? Amene akufuna kuti malondawo athe mwachinsinsi ndi mofulumira, wogulitsa asanafunse kwina, amakhala akudziwa kale yankho.

Mphakati nawo uli ndi mbali yake, ngakhale sungathe kulipira ngongole ya mamiliyoni ndi chopereka cha pa mbale. M'parishi muli owerengera ndalama, maloya, ogwira ntchito kubanki ndi odziwa za malo. Ola limodzi la munthu wotere, atakhala pansi ndi banja n'kuwerenga nalo mapepala, lingathe kusiyanitsa pakati pa kutsala ndi kanthu ndi kutsala manja ali m'khosi. Chimene chimalepheretsa zimenezi ndi lilime. Banja likadziwa kuti zimene lanena Lachitatu zidzakhala nkhani ya pachigayo Lachinayi, lidzasankha kufa nalo vuto lake, ndipo pamenepo mlandu wa manyazi aja sukhalanso wa banjalo lokha.

Pali chinthu chinanso chimene wogula wa mtima wabwino angapereke popanda kutaya ndalama yambiri, ndicho tsiku losamuka. Mapepala akatha, lamulo limamupatsa nyumba, ndipo angathe kufuna makiyi mawa lake. Koma m'nyumbamo mungakhale mwana wa Fomu 4 amene watsala ndi masabata asanu kuti alembe mayeso a MSCE, kapena gogo wodwala amene kusamutsa kwake kumafuna kukonzekera, kapena chimanga cha kuseri kwa nyumba chimene chatsala pang'ono kucha. Mwezi umodzi kapena iwiri ya kudikira, ngakhale pa lendi yochepa yogwirizana, ingathe kulembedwa m'pangano la malonda lomwelo, ndi tsiku lake lenileni, kuti wogula asaope kuti anthuwo adzakana kutuluka, ndipo wogulitsa asagone akumvetsera kulira kwa galimoto iliyonse yoima pageti.